Pitani mukaone Siavonga, koma ndalama za ulendo musaziike zonse mu foni

Wolemba ndi katekisiti wa m'boma la Chongwe

Ife a kuno ku Chongwe madzi ambiri sitiwadziwa. Mtsinje wathu ukafika mwezi wa October umatsala madziwe cabe, ndipo zaka zina damu la pa boma lauma mpaka anthu kumaima pa mzere ndi zigubu kudikira motoka ya madzi. N'cifukwa cake pamene a mumphakati wathu anagwirizana ndi a kopaletivu kuti tikagulitsa cimanga ndi soya tisonkhe ndalama tikaone nyanja ya Kariba ku Siavonga, ine sindinatsutse. Tinapita mu August 2025, anthu 24, ndipo mwa onsewo atatu cabe ndiwo anali ataonapo nyanja. Kucokera pamene tinabwerako, a makwaya, a magulu a azimai ndi a makopaletivu ena akhala akundiimitsa pa msika kufunsa kuti ulendowu uyendedwa bwanji. Ndaganiza kuti ndiyankhe onse pamodzi pa tsamba lino. Mau anga ndi akuti pitani, malowo ndi oyenera kuwaona miyendo ikali yolimba. Koma ndalama za ulendo musaziike zonse mu foni monga tinacitira ife, pakuti tinatsala pang'ono kugona pa khonde.

Tiyambe ndi njira. Kucokera pa boma la Chongwe kufika mu Lusaka ndi makilomita 45, ndipo kucokera mu Lusaka kufika ku Siavonga ndi pafupi-fupi makilomita 200. Pa pepala ndi ulendo waufupi, koma mukalowa mu Lusaka dzuwa litatuluka mudzataya nthawi yaitali pakati pa Chelstone ndi Makeni, basi ikungokwawa. Nyamukani tambala woyamba atangolira. Pokambirana mtengo ndi dalaivala mumvane kuti ndalama za pa mageti olipirira msewu, la Chongwe ndi la Shimabala, zituluka m'thumba la yani, cifukwa nkhani zazing'ono zotere ndizo zimayambanitsa anthu a mpingo umodzi. Mukapitirira Kafue ndi kuoloka mlatho, msewu ugawika pa Turnpike. Wa kumanja ndi wa ku Mazabuka ndi Livingstone, inu mupitirire ndi wa ku Chirundu. Patsogolo pake muyamba kutsika mapiri, ndipo dzina la Kapiringozi likuuzani lokha za malowo. Malole aakulu opita ku Zimbabwe ndi ku South Africa ndi ambiri, ena amatsika mabuleki akununkha. Dalaivala asapikisane nawo. Makilomita osakwana 20 musanafike ku Chirundu mupatukire kumanja, ndipo kucokera pa mphambanopo kwatsala makilomita 65.

Mnyamata wina wa m'kwaya, amene foni siicoka m'dzanja lake, anatiuza tisananyamuke kuti mapu a mu foni aonetsa njira yacidule yodzera ku Leopards Hill ndi ku Chiawa. Njirayo iliko ndithu, ndipo pa galasi la foni ioneka yosalala bwino. Dalaivala wathu, munthu wa imvi, anangomufunsa kuti, "Mwana wanga, kodi foni yako idziwa zaka za basi ino?" Ndi njira ya m'mapiri yofuna motoka yolimba, osati basi yodzaza anthu, mapoto ndi matumba a ufa. Safunsa anadya phula, inde, koma pofunsa muzifunsa munthu amene anayendamo.

Musathamangire ku madzi mpaka kuphonya zimene zili m'njira. Pafupi ndi mphambano ya ku Siavonga pali malo amene mitengo yakale-kale inasanduka miyala. Mukaigwira ndi mwala weni-weni, koma mizere ya mtengo ioneka. Malowa ndi otetezedwa ndi lamulo, tsono uzani ana asaike kanthu m'thumba. Mukalowa msewu wa ku Siavonga, ca ku Lusitu, pali citunda cochedwa Ingombe Ilede, kutanthauza ng'ombe yagona, dzina locokera ku mlambe wina wogona pansi. Mu 1960 anthu okumba maziko a thanki ya madzi anapezapo manda akale okhala ndi mikanda ya golide, mikanda ya galasi ndi mipiringidzo ya mkuwa. Zimenezi zionetsa kuti anthu a m'cigwa ca Zambezi anali kucita malonda ndi a kunyanja yaikulu ya mcere zaka mazana ambiri atsamunda asanabwere. Ana athu amawerenga dzinali m'mabuku a sukulu, koma ambiri ayesa kuti lili ku dziko lina.

Pa Lusitu pomwepo ndipempha kuti basi iimeko, ndipo wina wamkulu afotokozere acinyamata kuti nyanja imene akupita kukajambulitsako zithunzi inabwera bwanji. Nchito yomanga damu la Kariba inayamba mu 1955, m'masiku a Citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland, ndipo cipupa cinatseka mtsinje mu December 1958. Kuti madzi apeze pokhala, Atonga okwana 57,000 a mbali zonse ziwiri za Zambezi anacotsedwa pa minda yao ya m'mbali mwa mtsinje, pamene anali kukolola kawiri pa caka. Mu September 1958, pa Chisamu, m'dziko la Mfumu Chipepo, apolisi a atsamunda anaombera anthu okana kusamuka ndipo 8 anafa. Anthu pafupi-fupi 6,000 a mfumu yomweyo anakwezedwa m'malole kubwera nawo ku Lusitu, kutali ndi manda a makolo ao. Inu alimi mukangoyang'ana nthaka ya kumeneko, makwawa ake ndi mbuzi zoyenda pa fumbi, simudzafuna wina wokuuzani kuti kusinthanako kunali kotani. Ndipo mawaya a magetsi anadutsa pamwamba pa midzi ya m'cigwa kupita ku Lusaka ndi ku migodi, eni ake akuunikira ndi nyali za parafini. Nchito yaikulu yoti awabwezereko kanthu, ya misewu, zipatala, madzi ndi magetsi, inayamba mu 1998, patapita zaka 40.

Ndiye mukafika, kumbukirani kuti muli kwa eni. Cinyanja cimamveka m'tauni ya Siavonga, koma kupatsa moni kuti "Mwabuka buti" ndi kuthokoza kuti "Twalumba" sikudzakudulani lilime. Ife Asoli ndi Atonga zinenero zathu n'zapacibale, mau ambiri mudzawamva nokha.

Tinafika pa Cisanu masana. Basi itakhota pa kaphiri kotsiriza, nyanja inaonekera yonse, ndipo m'basi munali zii. Agogo ena aakazi anati, "Kodi awa ndi madzi kapena kumwamba kwagwa?" Nyanjayi ndi yaitali kupitirira makilomita 220, ndipo mwa nyanja zonse zopangidwa ndi anthu pa dziko lapansi, palibe yosunga madzi ambiri kuiposa. Tauniyo inamangidwa pa timapiri, misewu yake ndi yokwera ndi yotsika, tsono okalamba musawayendetse ndi miyendo masana. Nthawi yabwino ndi ya June, July ndi August. Kumeneko ndi kucigwa, ndipo mu October kutentha kumafika madigiri 40. Tengani maneti a udzudzu ngakhale a pa loji atakuuzani kuti alipo.

Tsopano za foni. Poopa akuba a m'njira, tinagwirizana kuti ndalama zonse za malo ogona ndi za cakudya zikhale mu foni ya amai msungicuma. Tinadziona ocenjera. Titafika pa loji, amaiwo anatumiza K7,200 ku nambala ya mwini malo, ife tonse tikuona. Meseji inabwera yoti ndalama zacotsedwa. Ku foni ya mwini loji sikunafike kanthu. Tinadikira mphindi 10, kenaka ola lathunthu. Mwini malo anali munthu waulemu, anatipatsa mipando ndi madzi akumwa, koma anati, "Abambo, sindikukaikirani, koma inenso ndili ndi anchito ofuna malipiro. Meseji ya mu foni yanu siigula ufa."

Tinaimba ku kampani ya foniyo. Amene munayesapo mudziwa: dinizani 1, dinizani 4, dinizani 9, kenaka nyimbo. Nyimboyo inalira mphindi zoposa 20 ndipo foni inaduka. Ulendo wacitatu anayankha mtsikana wa mau okoma, amene anati bvuto aliona, ndalama zili pakati, tidikire maola 48. Ndinamufunsa kuti pakati ndi pati, ndipo anthu 24 agona kuti pa maola 48 amenewo. Anapepesa bwino-bwino, koma ndinamva kuti mwanayo alibe mphamvu iliyonse, anangopatsidwa mau oti aziwerenga. Tinathamangira ku timabuthu ta pa msika kuti amene anali ndi kangacepe m'mafoni ao atapeko. Koyamba anati netiweki yagwa. Kaciwiri anati alibe fuloti yokwanira. Potsiriza azimai asanu amene anamanga ndalama zao m'citenje, zoti akaode kapenta wokagulitsa kuno, anamasula mfundo zao ndi kulipira usiku woyamba. Amene tinali kuwaseka kuti ndi acikale ndiwo anatigoneka m'nyumba.

M'mawa mwake, pa Ciwelu, foni ya amai msungicuma inalira. Mwamuna wina anati aimba kucokera ku ofesi, ndalama zathu zapezeka, ndipo kuti azibweze afuna amai amuuze nambala yao yacinsinsi. Amaiwo, amene sanagone tulo usiku wonse, anali atachula kale manambala awiri pamene mdzukulu wao anawalanda foni ndi kuidula. Sindinena kuti wakubayo anadziwa za bvuto lathu. Mwina amangoimbira ali yense, monga msodzi woponya mbedza osaona nsomba. Koma anatipeza pa tsiku limene tinali okonzeka kukhulupirira ali yense wolankhula mau a ofesi. Pini yanu musauze munthu, kaya anene kuti ndi wa kampani, wa banki kapena wa Boma. Wa kampani weni-weni saifunsa.

Cina cimene sitinali kudziwa n'cakuti m'mbali mwa nyanja foni imatha kudzigwirira yokha netiweki ya ku Zimbabwe, pakuti tauni ya Kariba ili pafupi patsidya. Ena a ife tinalandira meseji yotilonjera ku Zimbabwe tili khale pa mpando mu Zambia, ndipo tinaseka. Kuseka kunatha pamene bambo wina anaimbira mkazi wake kamodzi cabe, tokotaimu yake yonse n'kutha, cifukwa anamulipiritsa monga munthu ali kunja kwa dziko. Musananyamuke, uzani mwana wodziwa akukonzereni foni kuti isamadzisankhire yokha netiweki.

Tsiku lomwelo tinapita ku damu, ndipo kumeneko musalephere kufikako. Cipupaco cili pa malire a maiko awiri, tsono tengani mareji anu. Pa ofesi ya pa malire mumanena kuti mwabwera kudzaona damu cabe, amakulolani kutsika, ndipo mumayenda pamwamba pake. Kutalika kwake ndi mamita 128. Mukayang'ana mbali imodzi madzi ali phee, mbali inayo phompho loti mutu uzungulira. Anacimanga ndi a kampani ya ku Italy yochedwa Impresit pamodzi ndi zikwi za anchito acikuda, ndipo anthu 86 anafera pa nchitoyo. Patsidya, pamwamba pa phiri la tauni ya Kariba, amisiri a ku Italy aja anamanga kachalichi kozungulira ka Barbara Woyera kokumbukira anzao amene anafa. Ife sitinafikeko cifukwa ambiri analibe mapepala oolokera, koma a magulu a mpingo amene muli ndi mapasipoti mungakonzeretu. Mudzaonanso ogulitsa ndodo zosema za Nyaminyami, mzimu wa mtsinje umene Atonga ananena kuti sudzalola kutsekedwa. Madzi osefukira a mu 1957 ndi 1958 anaonongadi nchito yomanga. Musaseke nkhaniyi pamaso pa eni ake. Anthu amene analandidwa mtsinje ali ndi cifukwa coikumbukira.

Tili pa cipupapo, mlimi mnzanga anafunsa funso limene ambiri a inu mumafunsa: madzi onsewa ali mbwee, nanga malaiti amazimiranji? Yankho lake n'lakuti si madzi onse a m'nyanjamo amene amapanga magetsi. Makina amagwira nchito madzi akakhala pakati pa mamita 475.5 ndi mamita 488.5 kuyeza kucokera pa nyanja yaikulu ya mcere. Ndiye kuti mamita 13 apamwamba okha ndiwo nkhokwe ya magetsi, otsalawo ali pansi pa pamene makina angamwe bwino. Bungwe la Zambezi River Authority, limene linakhazikitsidwa mu 1987, ndilo limagawira madziwo ZESCO ndi anzao a ku Zimbabwe caka ndi caka. Pa cilala ca 2024, cimene Boma linacilengeza kukhala tsoka la dziko pa 29 February, nkhokwe ija inatsika pansi pa 10 peresenti, ndipo pa makina 6 a mbali ya Zambia, okhoza kupanga mamegawati 1,080, panafika nthawi yoti amodzi okha ndiwo anali kuzungulira. Tonse tikumbukira masiku okhala maola 20 ndi kuposa opanda malaiti. Tsono nsanja za mafoni nazonso zimadya magetsi. Malaiti akazima nthawi yaitali, mabatire a pa nsanja amatha, netiweki imafooka, ndipo ndalama yanu ya mu foni imakhala ngati cimanga ca m'nkhokwe imene kiyi yake yatayika. Dzuwa limene linapsereza minda yathu ndi lomwelo limene lingatseke thumba lanu la mu foni.

Za madzi ndinene mwacidule koma mwamphamvu. M'nyanjamo muli ng'ona ndi mvuu, ndipo m'mbali mwake muli likodzo. Ana athu anazolowera kudumphira m'madziwe a mu Chongwe ndi mu Chalimbana. Kumeneko asayese, ngakhale madzi aoneke oyera bwanji, ndipo azimai asapite kukatsuka mbale m'mphepete madzulo. Mukafuna kukwera boti, werengani majekete oyandamitsa munthu musanalowe, ndipo ngati ndi ocepa kuposa anthu, gawanani maulendo awiri. Mphepo ikauka nyanjayi imacita mafunde aakulu. Pa 24 October 2014, tsiku lokondwerera zaka 50 za ufulu, bwato linagubuduka pa nyanja yomweyi m'boma la Gwembe ndipo anthu 26 anamira, ambiri a iwo ana a sukulu. Mtsogoleri wa gulu asaope kuoneka wouma mtima pa nkhani imeneyi.

Usiku khalani panja pang'ono. Mudzaona nyali zambiri-mbiri pa madzi ngati mudzi woyandama. Amenewo ndi maboti a kapenta, amene amaitana nsomba ndi kuwala kenaka n'kukweza ukonde. Kapenta wa ku Siavonga amene timagula pa meda si mbadwa ya mu Zambezi. Anacita kumubweretsa kucokera ku nyanja ya Tanganyika mu 1967 ndi 1968, tsono iye ndi wa ku Mpulungu ndi pacibale, ngakhale azimai a pa msika amawasiyanitsa ndi maso okha. Mwezi ukakhala wathunthu asodzi amapuma, pakuti nyali zao sizikoka nsomba, ndipo kapenta amacepa. Ngati colinga canu ndi kuoda, yang'anani kumwamba musanasankhe tsiku. Pogula, pisani dzanja mpaka pansi pa thumba kuti muone ngati ndi wouma bwino ndiponso wopanda mcenga. Mudzaonanso zikwere zikulu-zikulu zozungulira pa madzi, mmene makampani amawetera nsomba za bream zimene zimagulitsidwa m'mashopu a mu Lusaka. Mlimi amene ali ndi maganizo okumba dziwe la nsomba aphunzirapo kanthu pongoona kadyetsedwe kake.

Tibwerere kwa eni mafoni. Ndalama zija sizinabwere pa maola 48. Titafika kuno tinauzidwa kuti nkhani yotere siithera pa kabuthu, tipite ku ofesi mu Lusaka. Kumeneko kunatuluka bvuto lina. Simu ya amai msungicuma inalembetsedwa mu 2013, pamene lamulo linati masimu onse alembetsedwe, ndipo inalembedwa pa reji ya amuna ao, amene anamwalira zaka zinai zapitazo. Kwa makina, amai amene akhala ndi nambalayo zaka zonsezi, amene amalandirirapo ndalama za ana ao, sanali mwini wake. Anawabweza kuti akatenge mapepala a imfa ndi kalata yotsimikiza. Ulendo waciwiri anaima pa mzere kuyambira m'mawa mpaka masana. Ndikhulupirira kuti m'midzi yathu muli amasiye ambiri ndi okalamba amene mafoni ao ali pa reji ya mwana, ya mlamu kapena ya malemu. Konzani zimenezi lero, ndalama zisanakodwe.

Ndisamveke ngati munthu wodana ndi zatsopano. Ndikumbukira masiku amene ndalama za sukulu tinali kupatsira kondakitala wa basi ndi kugona tikupemphera kuti zifike. Lero mwana wa ku Kitwe atumiza ya mankhwala ndipo agogo a ku Kanakantapa ailandira nsima isanapse. Cimeneci ndi cabwino, ndipo sindifuna kubwerera kumbuyo. Cimene cindiwawa ndi muyeso wosiyana. Ine ndikatumiza ndalama, colipira cao amacidula pomwepo, kamphindi sikapita. Ndikakongola pa foni ndi kucedwa tsiku limodzi, meseji zibwera ngakhale pakati pa usiku, ndipo kandalama kakangolowa amakatenga osandifunsa. Koma iwo akagwira ndalama zanga, ndiuzidwa kudekha, ndikwere basi ndi ndalama zanga, ndisiye munda, ndipo pobweza saonjezerapo ngakhale ngwee imodzi. Ndikagula bandulo ya intaneti ya masiku 7, netiweki n'kusowa masiku atatu, pa tsiku la 7 yotsalayo ifa. Ndani wa inu anagulapo thumba la fataleza limene limasungunuka lokha pakati pa usiku cifukwa sabata yatha? Kunena zoona, si zonse zimene zimadulidwa zimapita ku kampani. Kuyambira January 2024 Boma nalonso limatenga msonkho pa ndalama zotumizirana pa foni, ndipo mu 2025 msonkhowo unakwera. Koma ngati onse awiri adya pa kandalama ka mlimi, onse awiri ayenera kumuyankha akalira.

Ife a ku Chongwe tinayamba kale kulawa zotere. M'nyengo ya 2015/2016, pamene Boma linayesa kugawa zipangizo za FISP ndi makadi a e-voucher, boma lathu linali limodzi mwa maboma 13 oyamba. Ganizo linali labwino, lakuti mlimi adzisankhire yekha mbeu, fataleza kapena mankhwala a ziweto kwa wogulitsa wa pafupi. Koma ambiri mukumbukira kulipira K400 yanu, mvula n'kugwa, kadi isanatsegulidwe. Ukafunsa kuno akuti ndi kubanki, kubanki akuti ndi sisitemu. Sisitemu ilibe nkhope, ilibe mudzi, ndipo sungaitengere kwa a nduna. Mtsikana wa m'kabuthu ndiye amalandira matukwano onse, pamene iye ndi wanchito cabe wokhala m'kabokosi ka malata dzuwa lonse. Tisamamukalipire, si iye wagwira ndalama zathu.

Sindifuna kuyerekeza K7,200 yathu ndi zimene anataya anthu a ku Lusitu, kungakhale kupanda ulemu. Koma pobwerera, basi ikudutsa pansi pa mawaya aja, ndinaona kuti kacitidwe kake n'kofanana pang'ono. Cinthu cacikulu cimakonzedwa kutali ndi anthu ophunzira, cimabweretsadi phindu ku dziko, koma cikalakwika amene amasenza mtolo ndi wa kumudzi, ndipo ofesi yodandaulirako ili kutali ndi iye.

Zimene ndipempha makampaniwa si zazikulu. Pa boma lililonse pakhale munthu mmodzi, wokhala ndi dzina ndi mpando, amene ali ndi mphamvu yomasula ndalama zokodwa ndi kusintha dzina la pa simu, kuti wamasiye asakwere basi kawiri. Anene poyera masiku amene ndalama zokodwa ziyenera kubwerera, ndipo akapitirira masikuwo alipire, monga ife timalipira tikacedwa. Meseji zokhudza ndalama zibwere m'cinenero cimene munthu wasankha. Wailesi ya dziko imaulutsa m'zinenero 7, nanga makina ocenjera otere alephera bwanji? Aphungu athu ndi makhansala anyamule nkhaniyi, pakuti ikhudza anthu ambiri kuposa misonkhano ina imene amaitanitsa. Ndipo ife tidziwe kuti makampaniwa ali ndi owayang'anira. Za netiweki ndi masimu ayang'anira ndi a ZICTA, amene mu 2018 analipiritsa makampani onse atatu a mafoni a panthawiyo K12.6 miliyoni pamodzi cifukwa ca nchito yosakwanira. Za ndalama za pa foni ayang'anira ndi a Bank of Zambia. Koma kumeneko sangakumvereni ngati mulibe umboni. Meseji ya ndalama musaifute. Mukaimba kudandaula, funsani nambala ya dandaulo lanu, mulembe m'buku pamodzi ndi tsiku ndi ola.

Kwa amene mukonza ulendo wa gulu, citani motere. Malo ogona musalipire kwa munthu amene mwangomuona pa intaneti ndi zithunzi zokongola. Pezani wina wa ku Siavonga, kaya wa ku parishi ya kumeneko, mphunzitsi kapena wacibale, apite ndi miyendo akaone kuti malowo aliko ndiponso kuti nambalayo ndi ya eni ake. Cikole mutumize kukali masiku angapo, pakati pa sabata, osati pa Cisanu madzulo, ndipo mwini malo atsimikize kuti calowa. Zotsalazo muzigawe: zina pamanja mwa anthu atatu osiyana, zina mu mafoni awiri a makampani osiyana. Manambala a dalaivala, a loji ndi a kunyumba alembedwe pa pepala, cifukwa foni ikazima mudzapeza kuti ngakhale nambala ya mkazi wanu simuidziwa pamtima. Ine zinandicitikira.

Ndalama zathu zinabwerera patapita masiku 19, zonse K7,200, koma za mabasi awiri a ku Lusaka zinatuluka m'thumba la mphakati. Azimai asanu aja tinawabwezera zao tili kale kuno, nyanja ili kutali, ndipo kapenta amene anafuna kuoda pa gombe anakamugula ku Soweto Market pa mtengo wa mu Lusaka. Simu ya amai msungicuma tsopano ili m'dzina lao. Gulu lagwirizana kuti tikakolola tidzapitanso, ulendo uno ndi mapepala oolokera kuti tikafike ku kachalichi ka patsidya, ndipo amene asankhidwa kusunga theka la ndalama ndi mmodzi wa azimai a citenje aja.